Chimbale Chikayamba Kujama: Kanema Asungidwe mu Fayilo Yotani?

Pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula mpaka kukafika pa boma la Nsanje, msika uliwonse wa m'mbali mwa msewu wa M1 uli ndi kashopu ka obena. Mkati mumakhala mnyamata ndi kompyuta yake, pakhomo sipika ili pokopoko kuitana odutsa. Kale kasitomala ankatuluka m'menemo atanyamula chimbale. Lero amatuluka ndi memore khadi m'foni kapena fulashi m'thumba la malaya, momwe mwadzaza nyimbo, maulaliki ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa.

Komabe zimbale sizinachoke m'nyumba za anthu. Zili m'masutikesi, m'makatoni ndi pamwamba pa makabati. Zina ndi za mafilimu a ku Nigeria aja a zigawo ziwiri kapena zitatu, zina ndi za karate zomwe zinkadzaza ana m'mavidiyo sho madzulo. Koma pakati pa zimenezi pamapezekanso chimbale cha ukwati wa mwana woyamba, cha chinkhoswe, cha kwaya ya pampingo yomwe inasonkherana ndalama n'kukajambulitsa ku Blantyre, cha tsiku lolonga mfumu ufumu, cha gule wa utse kapena likhuba pa chikondwerero cha kumudzi. Tsiku lina mwini wake amaona kuti chimbale chayamba kujama pakatikati, amachikulunga m'kansalu n'kupita nacho kumsika.

"Achimwene, tandiikireniko ukwatiwu mu fulashi."

"Musadandaule mayi, pompano."

Apa pali funso lomwe onse awiri kawirikawiri salifunsa. Kanemayo akachoka pa chimbale, alowe mu fayilo ya mtundu wanji? Yankho lake ndi lomwe linganene ngati ukwatiwo uonekere pa TV ya kunyumba usiku womwewo, komanso ngati zidzukulu zidzathe kuzindikira nkhope ya agogo awo zaka 20 zikubwerazi.

Chigwa cha Shire chosakomera zimbale

Chimbale cha DVD ndi timapulasitiki tiwiri tozungulira tomatidwa pamodzi, kalikonse kokhuthala mamilimita 0.6, ndipo kanema amakhala pakati pake. Zimbale za kufakitale zimachita kudindidwa ndi makina, n'chifukwa chake zimapirira. Zobenedwa pa kompyuta, za DVD-R ndi CD-R, n'zosiyana. Zili ndi utoto womwe kuwala kwa leza kumapserezapo timadontho tosaoneka ndi maso, ndipo utoto umenewo umafooka ndi kutentha, dzuwa ndi chinyezi. Maukwati ndi zinkhoswe zonse zili pa zimbale za mtundu wachiwiriwu.

Mu 2003 bungwe la ku America loona za miyezo, la NIST, linatulutsa malangizo a kasamalidwe ka zimbale, ndipo linati zizisungidwa pamalo ozizira, pakati pa madigiri 4 ndi 20. Ku Ngabu, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana kumaposa pamenepo. Chimbale chomwe chingakhale zaka zambirimbiri m'laibulale yozizira chimakalamba msanga pa windo la ku Miseu Folo.

Ndiye pali madzi. Mu Januwale 2015 Shire ndi Ruo anasefukira, Makhanga inasanduka chilumba, ndipo boma linalengeza kuti maboma 15 agweredwa ngozi, Nsanje ndi Chikwawa ali patsogolo. Mu Malichi 2019 kunabwera mvula yamkuntho ya Idai, mu Januwale 2022 namondwe Ana, mu Malichi 2023 Freddy. Munthu wothawa madzi usiku amanyamula mwana, bulangeti, mwina ndi foni. Sutikesi ya zimbale imatsala.

Chimbale chotoledwa m'matope nthawi zambiri chimakhala chisanafe. Madzi paokha sapha pulasitiki msanga. Chimene chimapha ndi mchenga wa m'matopemo munthu akayamba kupukuta ndi malaya. Chitsukuluzidwe ndi madzi oyera mpaka matope atachoka okha, chiume pamthunzi, kenako chipukutidwe ndi kansalu kofewa kuchokera pabowo la pakati kupita kumphepete, osati mozungulira. Pa CD-R mbali yosalimba kwambiri ndi yapamwamba, yolembapo dzina ija, chifukwa kanema ali pansi pake penipeni. Chimbale chikawerengeka pambuyo pa zonsezi, chikoperedwe tsiku lomwelo.

Thumba ndi za m'thumba

Wotsegula DVD pa kompyuta amapeza foda yotchedwa VIDEO_TS. M'menemo muli mafayilo a mitundu itatu. A VOB ndiwo anyamula zithunzi ndi mawu, ndipo amadulidwa kuti lililonse lisapitirire 1 GB. A IFO amauza deki koyambira, kolumphira ndi maonekedwe a menyu, pomwe a BUP ndi ongobwereza a IFO kuti ena akaonongeka ena agwire ntchito. Chithunzi cha DVD ya kuno chimakhala cha timadontho 720 m'lifupi ndi 576 m'litali, zithunzi 25 pa sekondi. Chimbale wamba chimalowa 4.7 GB, cha magawo awiri 8.5 GB.

VCD, yomwe inayamba mu 1993 ndipo ndi yomwe inabweretsa mafilimu ambiri a ku Nigeria ndi makwaya m'nyumba za Amalawi, ndi yaing'ono kwambiri. Chithunzi chake ndi cha 352 ndi 288 basi, ndipo chimbale chimodzi chimangotenga mphindi 74 mpaka 80, n'chifukwa chake filimu imodzi inkabwera pa zimbale ziwiri. Kanema wake ali mu foda ya MPEGAV, m'mafayilo othera ndi DAT. Amenewa safuna ntchito iliyonse: kungowakopera momwe alili n'kokwanira, ndipo pulogalamu ya VLC imawasewera. Kuwakonveta kumangowonjezera chifunga pa chithunzi chomwe n'chofooka kale.

Chomwe chimasokoneza anthu ambiri, ngakhale obena ena, n'chakuti zilembo zitatu za kumapeto kwa dzina la fayilo sizinena zonse. Thumba la feteleza likatha ntchito yake mumalowa mapira, thonje kapena makala, ndipo zolembedwa kunja kwake sizinena zomwe zili mkati. MP4, MKV ndi AVI ndi matumba otero. Za mkati mwake ndi kodeki, njira yomwe chithunzi ndi mawu zafinyidwira kuti zichepe: MPEG-2 ya pa DVD, Xvid ya mafilimu akale a pa intaneti, H.264 yomwe inakhazikitsidwa mu 2003, H.265 ya mu 2013. Mawu nawonso ali ndi zawo, monga AC-3 ya pa DVD, AAC ndi MP3. TV iyenera kudziwa kutsegula thumba, iyeneranso kudziwa za mkatimo. Ikadziwa chimodzi chokha, pamabwera mavuto odziwika aja: chithunzi chikuyenda koma mawu kulibe, kapena mawu akumveka sikirini ili bii.

Pa chifukwa chomwecho, kusintha dzina la fayilo kuchoka ku MKV kupita ku MP4 sikusintha kanthu mkati.

Njira zitatu

Njira yoyamba yosungira kanema wa pa chimbale ndi ISO. Iyi ndi fayilo imodzi yomwe imanyamula chimbale chonse momwe chilili, menyu, zigawo, nyimbo ya poyambira, zithunzi za akwati zomwe wojambula anaika kumapeto, osasiya kadontho. Kuchokera pa ISO munthu angathe kubenanso chimbale china chofanana ndendende ndi choyamba. Kulemera kwake n'komwe kumavuta. Memore khadi ya 32 GB imangolowa ma ISO 6 a zimbale zodzaza, ndipo ma TV ambiri a bowo la USB saizindikira n'komwe. VLC, pulogalamu yaulere yomwe inayambitsidwa ndi ophunzira a pa École Centrale ku Paris, imaisewera bwinobwino pa kompyuta, menyu ndi zonse. Kukopera foda yonse ya VIDEO_TS kumasunganso zinthu zomwezo, kungoti mafayilo amakhala ambiri ndipo limodzi likasowa zina zimasokonekera.

Yachiwiri ndi MKV, kapena kuti Matroska, yomwe inayamba mu 2002. Pulogalamu ngati MakeMKV imatenga kanema wa m'ma VOB aja n'kumulumikiza kukhala fayilo imodzi popanda kumufinyanso, choncho chithunzi chimakhala chomwecho cha pa chimbale ndipo ntchito yake siichedwa. Menyu imatayika, koma zigawo zimatsala. Mphamvu yaikulu ya MKV ndi yakuti imanyamula mawu a zinenero zingapo ndi mawu olembedwa pansi mu fayilo imodzi. M'chigwa momwe Chimang'anja, Chisena, Chingerezi ndi Chipwitikizi cha kutsidya kwa Marka zimamveka pamsika umodzi, zimenezi n'zothandiza: sewero la zaumoyo lojambulidwa m'Chichewa lingakhale ndi mawu ena a Chisena mu fayilo yomweyo, woonera n'kusankha yekha.

Yachitatu ndi MP4, yomwe inachokera ku QuickTime ya kampani ya Apple chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. MP4 yokhala ndi chithunzi cha H.264 ndi mawu a AAC ndi fayilo yomwe pafupifupi foni iliyonse ya Android imasewera, kaya ndi Tecno, itel kapena Samsung, chimodzimodzinso ma TV a masiku ano ndi malaputopu. Filimu ya maola awiri yochokera pa DVD imatsika kufika pa 1 GB kapena 1.5 GB, maso osaona kusiyana kwenikweni. Memore khadi ija ya 32 GB tsopano imalowa mafilimu oposa 20. Pulogalamu yaulere ya HandBrake imagwira ntchito imeneyi, ndipo ili ndi muyezo wokonzedweratu wotchedwa Fast 576p25 womwe umagwirizana ndi DVD za kuno. Kuipa kwa MP4 n'kwakuti zomwe zatayidwa pofinya sizibwereranso.

H.265 imakopa chifukwa imachepetsa fayilo koposa, nthawi zina mpaka theka. Kuchigwa kuno phindu limenelo n'lochepa poyerekeza ndi mavuto ake. Ma TV akale saidziwa, ndipo foni zotsika mtengo zina zimaisewera modukizadukiza, zikutentha ndi kudya batire. Kumene foni imatchajidwa pa sola kapena kolipira pamsika, batire ndi ndalama.

Chosewerera ndicho chimalamula

Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, m'boma la Chikwawa, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ngakhale magetsi atabwerera, midzi yambiri ya m'chigwa ilibe waya wa ESCOM. Kumeneko kanema amaoneredwa pa foni, pa ka TV ka sola, kapena mu vidiyo sho yoyendera jenereta kapena batire. Kusankha fayilo kumayambira pa zipangizo zimenezi.

Deki yakale ya DVD yokhala ndi bowo la USB ndi yomwe imapusitsa anthu kwambiri. Kutsogolo kwake pamalembedwa MPEG4 kapena DivX, munthu n'kuganiza kuti MP4 iliyonse ilowa. Zambiri mwa deki zimenezi sizidziwa H.264. Zimafuna AVI ya Xvid, yosapitirira timadontho 720 m'lifupi, yokhala ndi mawu a MP3, kapena VOB ndi DAT zomwe zinazolowera. AVI ndi thumba lakale, la Microsoft la mu 1992, ndipo palibe chifukwa chosungiramo chinthu chamtengo wapatali, koma kwa mwini vidiyo sho yemwe deki yake ikugwirabe ntchito ndi yomwe imamudyetsa. Foni ya mabatani nayo ili ndi zofuna zake: 3GP kapena MP4 yaing'ono kwambiri ya 320 ndi 240.

Pali chopinga china chomwe sichikhudza kanema koma fulashi yeniyeniyo. Mafulashi ambiri ndi memore khadi zosapitirira 32 GB zimabwera zitafomatidwa mu FAT32, dongosolo lomwe sililola fayilo imodzi kupitirira 4 GB. ISO ya chimbale chodzaza imakana kulowa ngakhale fulashi ili yopanda kanthu, ndipo kompyuta imangoti fayilo yakula. Kufomata fulashiyo mu exFAT kapena NTFS kumathetsa vutolo pa kompyuta, koma deki zakale ndi ma TV ena amangowerenga FAT32 yokha. Apa ndi pomwe MP4 ya 1 GB imapambana popanda mkangano.

Obena sayenera kunyozedwa pa zomwe amachita. Kasitomala akabwera ndi memore ya 8 GB, funso lake limakhala limodzi: "Mwandiikira angati?" Mnyamata amene waika mafilimu 25 amaoneka wodziwa ntchito kuposa amene waika 6, choncho amafinya filimu iliyonse mpaka itsale 300 MB. Pa filimu ya nkhondo ya ku America palibe chotayika, chifukwa ilipo m'makompyuta osawerengeka padziko lonse ndipo mawa ingapezekenso. Koma dzanja lomwelo likafinya ukwati wa ku Tengani chimodzimodzi, chimbale n'kutayidwa poti kanema ali mu foni, banja latsala ndi nkhope zosazindikirika. Kenako kanemayo amatumizidwa pa WhatsApp kwa achibale a ku Johannesburg, WhatsApp n'kumufinyanso, wina n'kumukonvetanso kuti alowe m'foni ya mabatani. Ulendo uliwonse umachotsapo kanthu. Xender ndi Bluetooth sizichita zimenezi, zimapereka fayilo momwe ilili, ndipo ngakhale pa WhatsApp, kanema wotumizidwa ngati dokyumenti amafika wosafinyidwa, mpaka kukula kwa 2 GB.

N'chifukwa chake funso lakuti fayilo yabwino ndi iti lilibe yankho limodzi. Chimbale chomwe chilibe chinzake kwina kulikonse chimafuna mafayilo awiri. Yoyamba ndi yosunga, ISO ngati menyu ikufunika kapena MKV yosafinyidwa, yomwe siiyendayenda ndipo siikonvetedwa pamwamba pake. Yachiwiri ndi yoonera, MP4 ya H.264 ndi AAC, yomwe ingabwerekedwe, kutumizidwa, kufufutika n'kupangidwanso kuchokera ku yoyamba ija. Ikadzabwera kodeki ina yatsopano kapena TV ina yaikulu, fayilo yosungayo ndi yomwe idzaberekenso ina yabwino. Mafilimu wamba angakhale ndi yachiwiri yokha.

Popanga yoonerayo pali kanthu kamodzi koyenera kuyang'ana. Makamera omwe ankajambula maukwati ambiri ankagawa chithunzi chilichonse m'mizere iwiri yolukana, njira yomwe inkagwirizana ndi TV zakale zachimbuyo zija. Pa foni ndi pa sikirini zamakono, zimenezi zimaoneka ngati timizere topingasa m'mbali mwa munthu amene akuvina. HandBrake ili ndi chosankha chotchedwa deinterlace chomwe chimasalaza timizereto, ndipo chiyenera kugwiritsidwa ntchito pa fayilo yoonera yokha.

Za eni ntchito

Kukopera chimbale cha ukwati wa m'banja ndi nkhani ya banjalo. Kukopera filimu ya wina n'kumagulitsa ndi nkhani ina. Shemu Joyah, amene anapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, komanso Joyce Mhango Chavula, yemwe filimu yake Lilongwe inapata mphoto ku Nigeria mu 2016, anaika ndalama zawo pa ntchito zimenezi. Lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 limateteza ntchito zotere, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linayamba ntchito mu 1992, ndi lomwe limayang'anira. Bungweli limagawiranso aluso ndalama zochokera ku msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo ndi makanema, koma msonkho umenewo si chilolezo chogulitsa ntchito ya munthu. Kwaya ya kumudzi yomwe inagulitsa mbuzi kuti ijambulitse chimbale imamva kuwawa komweko ikapeza nyimbo zake zikubenedwa pamsika iyo osalandira kanthu.

Koisunga

Fayilo yosankhidwa bwino ingathebe kufera pa chipangizo choipa. Fulashi ndi memore khadi zimasunga zinthu ngati mphamvu ya magetsi yotsekeredwa m'timaselo ting'onoting'ono, ndipo mphamvuyo imatuluka pang'onopang'ono zikangokhala osalumikizidwa, makamaka kotentha. Pamsika palinso zachinyengo, zolembedwa 64 GB pomwe mkati muli malo ochepa kwambiri. Mafayilo amaoneka kuti alowa, mayina ake n'kumaoneka, koma potsegula amakana. Palinso vairasi yofala m'makompyuta a anthu ambiri, yomwe imabisa mafoda onse n'kusiya ma shortcut okhaokha. Mafayilo amakhala alipo, ndipo kufomata mwamantha ndi komwe kumawapha. Hadi disiki ya 1 TB imalowa ma ISO pafupifupi 200 ndipo imasunga nthawi yaitali, koma imaopa kugwa pansi ndi madzi. Google imapatsa aliyense malo aulere okwana 15 GB pa intaneti, okwanira zimbale zitatu zodzaza kapena ma MP4 khumi ndi angapo, kungoti bandulo yokwezera 4.7 GB si aliyense angaikwanitse.

Popeza chilichonse mwa zimenezi chili ndi mdani wake, fayilo yosunga ikhale m'malo awiri otalikirana. Kwa banja la ku Makhanga kapena m'mbali mwa Shire ku Chikwawa, kuika fulashi yachiwiri m'nyumba yoyandikana sikuthandiza, chifukwa madzi akabwera amatenga mudzi wonse. Ipite kwa mlongo wa ku Blantyre, kwa malume a ku Thyolo, kapena kumtunda ku Chididi. Mpingo womwe uli ndi zimbale za makwaya ake ungachite chimodzimodzi kudzera ku likulu lake. Pakapita zaka zingapo, mafayilowo atsegulidwe, aonedwe ngati ali moyo, n'kusamutsiridwa pa chipangizo chatsopano.

Nthawi yochitira zimenezi ikuchepa pa chifukwa china chosakhudzana ndi dzuwa kapena mvula. Malaputopu ambiri atsopano sabweranso ndi polowetsera chimbale. Obena omwe akadali ndi kompyuta zakale zapadesiki, kapena kachipangizo kowerengera DVD kolumikiza pa USB, ndi omwe atsala ndi njira, ndipo leza ya m'zipangizo zimenezo nayo imafooka ndi fumbi. Chimbale chikakana pa kompyuta imodzi, chiyesedwe pa ina chisanatayidwe, chifukwa zowerengera zimasiyana mphamvu. Palinso mapulogalamu ngati ddrescue omwe amawerenga mobwerezabwereza malo okandika n'kupulumutsa zomwe zingatheke.

Mwini chimbale asachoke pashopu ntchito isanayesedwe pamaso pake. Kanema aseweredwe poyambira, pakati ndi kumapeto, mawu amveke, ndipo kutalika kwake kufanane ndi kwa pa chimbale, chifukwa wokopera VOB imodzi yokha amapereka gawo la ukwati, ena onse n'kutsala. Fayilo ipatsidwe dzina lonena mwambo, malo ndi chaka m'malo mwa VTS_01_1, lomwe limapezeka pa DVD iliyonse ndipo limachititsa kuti ukwati wina ufufute unzake zikaikidwa mu foda imodzi. Chimbale chenichenicho chibwerere kunyumba m'chikesi chake, chiimikidwe chilili pamalo apamwamba a mthunzi, kutali ndi malata ndi windo, chifukwa fayilo ikadzapezeka ndi vuto ndi komwe adzayambirenso kukopera.